Mlandu wa Naini

Khalani pansi nonse. Iwe, mpando umenewo ndi wa agogo ako aamuna, tsikira pamphasa. Mafoni alowe m'lichero umu, onse, ndi ija yosweka galasi imene wina waibisa m'sokosi. Ikalira foni ya munthu tili pakati pa nkhani, mwini wake mawa akatunga yekha madzi a nyumba yonse.

Sikunagwe maliro ayi, mitima ikhale m'malo. Koma zimene ndaona m'malipoti a teremu ino zinayenera kukafika kwa amfumu, nkhuku ili m'manja. Adzukulu anga atatu a kusekondale, obadwa kwa ana amene ndinawaphunzitsa ndekha kuwerengera ndi zitsekerero za mabotolo, andibweretsera pa masamu naini, naini ndi eyiti. Wa eyitiyo kuyambira dzana akuyenda monyang'wa, akuti ndiye dolo wa pakhomo pano. Inu a kupulayimale mukuseka kumbuyoko, musaganize kuti naini ndi chinthu chabwino poti ndi nambala yaikulu. Ku MSCE zimayenda chobwerera: 1 ndi 2 ndiwo akatswiri, 3 mpaka 6 ndi credit, 7 ndi 8 ndi kungopulumuka, 9 ndi kugwa chagada. Pansi pa naini palibenso china. A MANEB ku Zomba sanaike 10 chifukwa cha chifundo chabe.

Ine ndinagwira choko kupulayimale mpaka tsitsi ili kuyera, choncho zodzikanira za ana a sukulu ndinazimva zonse, zina zoti wonenayo naye akulephera kugwira phwete. Komabe mwambo ndi mwambo, munthu saweruzidwa asanalankhule. Inu munalankhula kale usiku m'khitchini muja, mukuganiza kuti ndagona. Ine ndingokubwezerani mawu anu.

Tiyambe ndi inu, amuna anga a Fomu 4. Mwati mutu wanu si wa masamu. Ndadabwa, chifukwa Lamlungu lapitali ndinakumvani pakhonde mukulongosolera anzanu kuti Manoma akapambana masewero awiri n'kufanana mphamvu kamodzi, Maule n'kugonja kamodzi, ndiye kuti mapointi akhala mwakutimwakuti, ndipo akafanana tiyang'ana zigoli. Zonsezo munawerengera m'mutu, m'kamwa muli chimanga chokazinga. Munanenanso kuti timu ina ya kunsi kwa ligi ili pa mainasi 7, ndipo ikamwetsedwa zina zitatu ifika pa mainasi 10. Papepala lanu la mayeso funso lomwelo linabwera litavala x, inu n'kulemba kuti −7 − 3 ndi −4. Kodi mutu wa pakhonde uja mumausiya kuti mukamalowa m'kalasi? Kapena ndi wobwereka, mwini wake amautenga Lolemba?

Poti tafika pa za mpira, ndiululiretu kuti ndikudziwa kumene kumalowera chenji ya sopo. Timapepala tobetchera tija ndimatipeza m'matumba pochapa. Mumasanja masewero 10 pa kapepala kamodzi kuti K500 ikugulireni njinga yamoto. Tingoyerekeza kuti pa masewero aliwonse mwayi woti mwalosera bwino ndi theka, ngakhale mpira uli ndi kufanana mphamvu komwe kumasokoneza. Theka kuchulukitsa ndi theka, kakhumi, ndi 1 pa 1,024. Ndi probability imeneyo, ija munathawa kuti ilibe ntchito pa moyo wa munthu. Eni ake a malo obetcherawo anaikhoza bwino, n'chifukwa chake iwo akumanga nyumba, inu mukupempha ya sopo kachiwiri.

Iwe mkazi mnzanga, usabise nkhope m'chitenje. Wati masamu ndi a anyamata. Tsiku lina ndidzakukweza basi tikatsike pa Lizulu, ukaone amayi a tomato ndi kabichi basi ikaima. Anthu asanu akugula pawindo nthawi imodzi: wina milu itatu, wina akunenerera, wina wapereka K5,000 akufuna chenji, dalaivala waliza kale injini. Mayi uja amawerengera onse asanu, mwana ali kumsana, osataya ngakhale K50. Madzulo amadziwa kuti pa dengu limene anapikula wapindula zingati atachotsa tikiti ya msika ndi tomato wophwanyika. Ukamuuze iyeyo kuti masamu ndi a anyamata, koma uime patali.

Mawu amenewa sunawatole kusukulu kokha. Amayi ako ali apa, taona akuyang'ana kumbali. Ndi iwo amene utabwera ndi lipoti la Fomu 1 anati usadandaule, nawonso masamu ankawavuta, ndi zakumtundu. Mtundu wake uti? Mtunduwo ndine, ndipo ndikukana. Mwana ukamuuza kuti kulephera n'kwa m'magazi amasiya kulimbana nazo tsiku lomwelo, nanga munthu angalimbane ndi magazi ake? Mlandu wa amayi ako tidzaukamba patokha ana atagona.

Wachitatu, bwana wa eyiti, ndiwe wekha wanena zomveka. M'kalasi mwanu mulipo ochuluka moti wokhala kumbuyo amangoona pakamwa pa aphunzitsi pakuyenda. Buku limodzi mumagwirizira gulu lonse. Aphunzitsi a masamu ndi amodzi, kuyambira Fomu 1 mpaka Fomu 4, ndipo akuthamangira kuti silabasi ithe. Zimenezi si bodza, ndipo sizinayambe lero. Pulayimale itakhala yaulere mu 1994 ana anakhamukira kusukulu, ife tinaphunzitsira pansi pa mitengo, ndipo khamulo litayandikira khomo la sekondale boma linasandutsa malo a MCDE kukhala ma CDSS. Ana anachuluka msanga kuposa mabuku ndi aphunzitsi a masamu, mpatawo mpaka lero sunatsekeke. Munthu ukayenda mtunda wautali wapansi n'kufika m'mimba muli gwaa, x amaoneka awiri. Ndamva zonsezo. Koma pepala limene adzalembe mwana wa kusekondale yogonera komweko, ya laibulale ndi magetsi, ndi lomwelo udzalembe iwe, ndipo palibe mzere wolembapo kuti tinalipo ambiri. Zodandaulazo undisiyire ine, ku msonkhano wa makolo ndikapita ndipo pakamwa ndili napo. Iwe yako ndi ina.

Tsopano mundilole ndinene za kale, chifukwa ndi ufulu wa nkhalamba ndipo palibe angandilande. Inu mukulira ndi ndalama yophweka, ya kwacha ndi tambala. Ife tinaphunzira masamu ndalama zili mapaundi, masheleni ndi makobiri. Makobiri 12 ndiwo sheleni, masheleni 20 ndiwo paundi. Panali tiki ya makobiri atatu, panali sikisi, panali hafukoloni ya masheleni awiri ndi makobiri 6. Aphunzitsi amati: phatikizani mapaundi 2, masheleni 17, makobiri 9 ndi paundi 1, masheleni 8, makobiri 6. Makobiri akwana 15, ndiye sheleni imodzi kutsala atatu. Masheleni akwana 26, ndiye paundi imodzi kutsala 6. Zonse pamodzi mapaundi 4, masheleni 6, makobiri 3. Kamwana kopanda nsapato kamasenza ma 12 ndi ma 20 pa samu imodzi, pasileti. Kwacha itabwera mu 1971, paundi n'kukhala K2, sheleni n'kukhala 10 tambala, tinkati basi masamu atha m'dziko muno. Sitinadziwe kuti kudzabadwa adzukulu oti 7 kuchulukitsa ndi 8 mpaka atulutse foni.

M'mawa uliwonse kunali mento, masamu a m'mutu, tisanatenthetse n'komwe mabenchi. Kunalinso chikoti, koma chimenecho sindichiyamikira, ndipo amalume anu akamati ana a masiku ano akulephera chifukwa sakwapulidwa muzingowasiya alankhule. Chikoti chinathamangitsa anzanga anzeru, atsikana makamaka, amene anaona kuti bola kukalima kusiyana n'kutupa manja tsiku ndi tsiku. Chimene chinatikhomerera manambala m'mutu chinali kubwereza kwa m'mawa uliwonse kuja. Chikoticho chinkangolandira ulemu wa ntchito ya eni ake.

Bweretsa pepala lako lija, mkazi mnzanga, limene unalipinda kanayi n'kulibisa m'Baibulo poganiza kuti ku Levitiko sindifikako. Ndipatseni magalasi. Sendezani mitu muone. Funso ili ndi la algebra, lalitali ndithu, ndipo mizere itatu yoyamba wayenda bwino, aphunzitsi achonga. Pa mzere wachinayi panafunika kuphatikiza 1/2 ndi 1/3. Walemba 2/5. Waphatikiza zam'mwamba pazokha, zam'munsi pazokha. Tsono ndikufunse. Uli ndi theka la thumba la chimanga, ine ndakuwonjezera gawo limodzi la magawo atatu a thumba. Iwe ukuti tsopano uli ndi magawo awiri a magawo asanu. Thumba la makilogalamu 50, theka lake ndi 25, magawo awiri a asanu ndi 20. Ndakupatsa chimanga, chako n'kuchepa? Ukufuna mudzi uno uziti agogo ako ndi a fisi? Yankho ndi 5/6, thumba lotsala pang'ono kudzaza. Samu imeneyi si ya Fomu 3. Ndi ya kupulayimale, ndinkaiphunzitsa ine ndi malalanje. Algebra unaidziwa, mwanawe. Chakugwetsa ndi fulakishoni.

Lanu nalo ili, amuna anga. Pa (x + 3)² mwalemba x² + 9. Mukanangoyesa kuika 1 pamalo pa x. 1 ndi 3 ndi 4, ndipo 4 kuchulukitsa ndi 4 ndi 16. Yankho lanu likupereka 10. Pasowa 6, ndiye 6x amene mwamutaya panjira. Kuyesa kumeneko sikutha mphindi, ndipo ndi masamu okha amene amalola munthu kudzichonga yekha asanapereke pepala. Ku Chichewa chimangirizo ukalemba umangopemphera.

Apa ndiye pagona nkhani, tcherani khutu. Masamu ali ngati ngongole ya katapila. Ku History ukajomba sabata imene akuphunzitsa za John Chilembwe, ukhozabe kudzayankha funso la chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Masamu sakhululuka choncho. Mukudziwa mmene katapila amayendera: wakongola K20,000 pa chiwongoladzanja cha theka pamwezi, mwezi ukatha ndi K30,000, wachiwiri K45,000, wachitatu K67,500, iwe n'kuyamba kudzera njira ya kudambo popita kumsika. Kamene unasiya osakamvetsa ku Sitandade 6 kamakupeza ku Fomu 1 katabereka, ku Fomu 3 katabereka kawiri. Wosadziwa fulakishoni ratio imamukana. Wokanidwa ndi ratio, trigonometry sangaione, chifukwa sine ndi cosine ndi mafulakishoni basi, mbali iyi pamwamba pa mbali iyo. Wosakhazikika pa mainasi amagwa pa quadratic equation, amagwanso pa graph, amagwanso pa matrix, iye n'kumati mitu itatu yamukanika pamene chomukanika n'chimodzi. Aphunzitsi abwereza trigonometry katatu, mwana osamva, onse awiri n'kukhumudwa. Akulipira chiwongoladzanja chokhachokha, ngongole yeniyeni osaikhudza.

Mankhwala ake sawawa m'mutu, amawawa pa ulemu. Muyenera kutsika. Tengani buku la Fomu 1, ngakhale la Sitandade 7 la mng'ono wanu uyu, muyambe kusova kuchokera koyambirira mpaka mufike pamene pensulo yaima yokha. Pamenepo ndiye munakongolera. Mwina ndi mataimusi, mwina mafulakishoni, mwina madesimo ndi maperesenti, mwina mainasi. Kawirikawiri sizikhala zambiri, ziwiri kapena zitatu, ndipo munthu wa zaka 17 amamva msanga chimene chinamukanika ali ndi zaka 11, poti mutu unakula ngakhale mwini wake sanauuze. Chovuta n'choti mnyamata wa ndevu zake zitatu aoneke atanyamula buku la Sitandade 7. Likutireni ndi nyuzipepala ngati mukuopa atsikana. Safunsa anadya phula.

Chinanso. Usiku ndimaona tochi ikuyaka kuchipinda, ine n'kumathokoza Mulungu kuti adzukulu anga akulimbikira. Tsiku lina ndinasuzumira. Munthu wagona chagada, miyendo ili pakhoma, kope la masamu lili m'mwamba, mutu ukugwedezeka kuvomereza. Ndikufunsa, akuti ndikuwerenga masamu, agogo. Pensulo ili kuti? Ili m'chikwama. Ana inu, chitsanzo chimene aphunzitsi anasova pabolodi chimaoneka chophweka chifukwa anasova ndi iwo. Ukamachiyang'ana, mutu umakunamiza kuti wamva. Tseka kopelo. Tenga pepala loyera, lemba funso lokhalokha, usove wekha. Ukaima panjira suzumira mzere umodzi wokha, utsekenso. Mawa usovenso lomwelo osasuzumira, kenako ena ofanana nalo amene sunawaonepo. Mafunso asanu tsiku lililonse, ndi Loweruka lomwe, aposa kutalitali usiku uja wa mawa lake mayeso, umene mumaviika mapazi m'beseni la madzi ozizira kuti musagone. Mapazi amatuluka oyera, mutu uli chimodzimodzi.

Kope lako iwe wa eyiti ndaliona. N'lokongola: mitu yolemba ndi cholembera chofiira, mizere ya rula, palibe pofufuta ngakhale pamodzi. N'chifukwa chake ndikulikayikira. Kope la munthu amene akulimbana ndi masamu limakhala lakuda, lokhwatchakhwatcha, pena lobooka ndi labala. Lakolo ndi la kalaliki, wangosamutsa za pabolodi.

Ndipo mapepala a mayeso akabwezedwa mumangoyang'ana nambala yofiira ya pamwamba ija, n'kupinda. Ena ndawapeza atakulunga zitumbuwa. Pepala limenelo ndi la mtengo kuposa buku, chifukwa buku analembera ana onse a m'Malawi, pamene pepalalo likunena za iwe wekha. Funso lililonse lolakwa ulisovenso, ndipo pambali ulembe chimene chinakugwetsa: kaya sunamve Chingerezi chake, kaya njira sunaidziwe, kaya unaidziwa koma unataya mainasi pothamanga. Zitatuzi n'zosiyana. Wotaya mainasi safunika phunziro lina, afunika kudekha. Wosadziwa njira abwerere ku buku. Koma ambiri a inu chimakupwetekani ndi Chingerezi cha funso. Samu mumaidziwa, chimene akufunsa simuchimva, ndiye mumangotola manambala onse ali m'funsomo n'kuwachulukitsa, kuti mwina Mulungu aona mtima. Liwerenge kawiri, ulinene m'Chichewa monga ukufotokozera ine: andipatsa chiyani, akufuna chiyani. Akanena za makwerero otsamira khoma, jambula khomalo ndi makwerero ake. Ukalephera kulinena m'Chichewa usayambe n'komwe kulemba manambala.

M'mayeso musamabise njira. Ochonga amapereka malikisi pa njira, osati pa yankho lokha. Wolemba mizere isanu yolondola n'kupunthwa pomaliza amatolako kanthu, wolemba yankho lokha lolakwa amatola dzira. Funso loyamba likakana lisiyeni mupite kwina, palibe lamulo loti munthu afere pa nambala wani. Mapepala a MANEB a zaka zam'mbuyo alipo kusukulu ndi kwa akulu anu amene analemba kale. Muziwasova wotchi ili patebulo, buku lili kutali, kuti mantha a m'holo muwalawiretu kunyumba kuno kumene kuli nsima.

Calculator sindidana nayo. Amalume anu ankavutika ndi kabuku ka matebulo a logarithm, inu mwapepukidwa, zikomo. Koma kachipangizo kameneka sikakana munthu, ukakadina molakwa kamakuyankha molakwa mwaulemu wonse. Usanadine yerekeza: 48 kuchulukitsa ndi 21 zikhala pafupi ndi 50 kuchulukitsa ndi 20, ndiye 1,000. Kakakupatsa 10,080 dziwa kuti chala chaterereka. Dzulo ndinakufunsani nonse atatu kuti katundu wa K10,000 akakwera ndi 20 peresenti n'kutsikanso ndi 20 peresenti afika pati. Munayankha pamodzi, mokondwa, kuti wabwerera pakale. Ndi K9,600. M'dziko limene kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi mu Novembala 2023, munthu wosadziwa peresenti amangomva kuwawa osadziwa chamuluma.

Mwapempha ndalama za pati taimu. Sindikana, mbuzi ilipo. Koma ngati kumeneko mukukadzazanso chipinda n'kumakopera za pabolodi, ndiye mwagula ndi ndalama vuto limene munali nalo kale laulere. Bola mukhale anayi pansi pa mango apo, aliyense asove yekha kaye, kenako mufananize, wolakwa afotokoze mmene anaganizira. Ndati masamu, ndipo ndati pansi pa mango pamene ndikukuonani. Gulu lija la anyamata awiri ndi atsikana awiri limene limakasovera kuseri kwa tchalitchi dzuwa litalowa ndalithetsa lero. Aliyense wa inu atengenso mmodzi mwa a kupulayimalewa azimuphunzitsa mafulakishoni. Mudzaona mmene kamwana ka Sitandade 5 kamafunsira kuti chifukwa chiyani, chifukwa chiyani, mpaka iwe utazindikira pamene sumadziwa. Aphunzitsi anu muziwatsata akaweruka, funso limene mwayesa kale lili m'manja. Mphunzitsi wotopa akhoza kuzemba mwana wonena kuti sindikumva chilichonse, nanga ayambire pati? Koma wobweza mwana wonena kuti ndafika apa ndaima, ine sindinamuonepo.

Za likasa ndisamve n'komwe. Akuti pa WhatsApp pali anthu ogulitsa mapepala enieni, bola utumize kaye ndalama pafoni. Mukafunse achemwali anu amene anali Fomu 4 mu 2020. Mayeso a MSCE atabedwa boma linawathetsa ali m'kati, ana a dziko lonse, akuba ndi osaba omwe, n'kukalembanso mu Januwale 2021. Ndipo likasa la masamu ndilo lopusa kuposa onse: angosintha nambala imodzi, iwe n'kulemba mwaukhondo yankho la funso limene kulibe.

Ndikudziwa chimene mumanong'onezana, kuti bola Chingerezi, satifiketi ibwera ngakhale masamu agwe. Ikhoza kubwera, inde, tidzaiika m'felemu. Koma iwe mkazi mnzanga umati udzakhala namwino wa ku KUHeS. Inu amuna anga mumati injiniya wa ku MUBAS, imene ife timaitchulabe kuti Poly. Bwana wa eyitiyu akuti Bunda. Konseko akafunsa credit ya masamu asanafunse dzina la mfumu yanu. Mukati za yunivesite zikhale, tikaphunzire ntchito zamanja ku Soche kapena ku Namitete, masamu mukawapeza atakhala pakhomo akukudikirani. Mmisiri amene anamanga nyumba ino sekondale sanaiponde, koma pokhoma zikhomo za maziko anayeza mapazi atatu mbali iyi, anayi mbali iyo, n'kukoka chingwe chopingasa mpaka chikwane asanu, ngodya n'kuima bwino. Ndi Pythagoras ameneyo, amene inu munamusiya osayankha. Mukati basi tizilima, alangizi akuti mizere italikirane masentimita 75, mapando masentimita 25, mbewu imodzi paphando. Wodziwa kuwerengera amadziwiratu kuti pa hekitala palowa mbewu zoposa 53,000, ndipo sagula mbewu kapena feteleza mongoganizira. Thawirani kumene mukufuna, ine ndikhala pano.

Chigamulo nachi, ndipo apilo kulibe. Kuyambira mawa, dzuwa lisanalowe poti magetsi sitiwadalira, aliyense akhale patebulo ili ola limodzi, pensulo m'manja. Theka loyamba ndi la ngongole zakale, theka lachiwiri ndi la zimene mwaphunzira tsikulo. Foni ituluka m'lichero ndikaona mafunso asanu osovedwa, ndi njira yake. Pa ola limenelo mkazi mnzangayu satumidwa. Ndaona mmene zimakhalira: akaweruka, madzi ndi iye, nkhuni ndi iye, mbale ndi iye, anyamata ali ku mpira, kenako tonse n'kumadabwa kuti masamu ndi a anyamata. Chitsime sichifunsa kuti wabwera ndi ndani, ndowa zija muzigawana.

Inu a Fomu 4, nthawi yakutherani, kukayamba kuzizira mayeso afika. Musathamangire mitu yonse. Tsekani kaye za mainasi ndi mafulakishoni, kenako gwiritsitsani mitu imene imamvera munthu msanga, monga ma set, statistics ndi ma matrix, kuti malikisi ake asakupulumukeni, zovutazo muzikwera nazo pang'onopang'ono. A Fomu 3 muli ndi chaka chathunthu, ndipo sindikufuna wani teremu yamawa. Wodumpha kuchoka pa naini kufika pa wani ndidzamusecha m'sokosi. Naini akhale seveni, seveni adzakhale faifi, tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha. Amene atsike ndi manambala awiri, tambala wofiira uja ndi wake, chiwindi ndi nthutumba zomwe, agogo anu aamuna adzangoonerera.

Funso loyamba ndi lanu, amuna anga, ndipo ndi la lero lomwe. Pa Khrisimasi munakongola kwa ine K5,000 ya bandulo, munati mubweza Chaka Chatsopano. Ine si wa katapila, ndine mayi wa Mvano, ndiye ndingoika 10 peresenti pamwezi, chiwongoladzanja nacho chizibereka. Papita miyezi inayi. Mundiuze kuti ngongole yafika pa zingati nsima isanapse, njira yonse ilembedwe. Yankho ndili nalo kale, koma mukalakwitsa chokwera ndilandira lanulo.